Tsiku Limene Bokosi la a Useni Linasamuka

Chileka, 3 Sepitembala 2024

Achemwali a Lenia,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tonse tili bwino, kupatula mkazi wanga Caroline amene akudandaula dzino, ndi ababa amene akudandaula ine.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati tili m'nthawi ya atsamunda. Pa foni mumandidula pakamwa ndisanafike n'komwe pa mutu wa nkhani, ndiye ndati pepala lokha silingandikalipire. Ndapatsira a Salumu, aja amanyamula katundu wopita ku Joni.

Nkhani ndi iyi: shopu yaikulu ija yapezeka! Ili kuno ku Chileka, m'mbali mwa msewu wopita ku eyapoti. Kale inali chigayo, moti ukatsokomola mkatimo ufa ukugwabe kudenga, koma kukula kwake, achemwali! Thabwa lalitali likutembenuka osagunda munthu pachipumi. Inu mukuidziwa shopu ya ababa ku Lirangwe. Wodiropu timapangira panja, mvula ikayamba tonse ndi kasitomala yemwe kuthamanga nayo kukhonde la eni ake. Kuno kuli magetsi, ndipo ndagula mashini opalira matabwa, akale pang'ono koma akulira bwino.

Vuto ndi ababa. Akanitsitsa. Nyumba imene tapeza ili ndi chipinda chawo, ndawauza kuti zovutika zatha, azikangopuma. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Ati iwo pa Lirangwe adzachokapo atagona chagada, osati ndi mapazi awo.

Ndiye titani? Chimwalirireni amayi, amene amawaphikira ndi Caroline. Mwezi watha tinangochoka tsiku limodzi, tinapeza poto wa nyemba wasanduka makala, iwo ali phee kunola sowo. Tikawasiya okha azidya utuchi kodi? Komanso shopuyi sindingaisiye, eni ake akuti wina akufuna kuikamo nkhuku.

Alembereni, inu amakumverani. Ndipo ngati a Salumu ali ndi malo, munditumizireko mahinjesi abwino aja.

Ine mlongo wanu,
Wilson

Lirangwe, 10 Sepitembala 2024

Kwa mwana wanga Lenia,

Moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili moyo, ngakhale mlongo wako akuyenda ngati ndinapita kale.

Ndinamuona kuseri kwa shopu akuluma cholembera, ndiye ndinadziwa kuti akundinenera kwa iwe. Ndati nane ndilembe, usamve mbali imodzi.

Malo akewo ndinakawaona. Ndege zimadutsa pamutu penipeni, mpaka ndinagwira chipewa. Munthu angayeze thabwa bwanji m'phokoso lotero? Nanga mashini akewo! Ukalowetsa thabwa uku, likukatulukira uko likulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Thabwa silifuna zimenezo. Thabwa umalisisita ndi chikhatho, limakuuza lokha kumene likufuna puleni idzere.

Ndinamufunsa kuti, kodi ine ndizikachita chiyani kumeneko? Anati, "Muzikapuma, ababa." Kupuma! Ndinamva bwino lomwe. Akufuna ndikakhale pampando pakhomo, kumauza makasitomala kuti abwana angotulukako pang'ono. Zinandiwawa, mwana wanga, sindikubisira. Mwana ameneyu ndinamugwiritsa hamala ndine.

Pa Lirangwe pano anthu amalowera pa zitseko zanga. Amayi ako agona pompano. Komanso bokosi langa lili pano. Iwe sunalione, ndinalipanga amayi ako atangotisiya, nditaona mabokosi a maliro amene akugulitsa masiku ano, omata ndi guluu ngati katoni ya sopo. Langali ndi la mlombwa, m'makona molowetsana bwinobwino, mulibe msomali ndi umodzi womwe. Kumutu kuli kawindo. Chaka chilichonse ndimalipaka vanishi, ndipo pa Khirisimasi ndimalowamo kuona ngati ndikukwanabe. Pakali pano ndasungamo mtedza wa mbewu. Pamsika palibe amene salidziwa, ena amabwera kudzangoliona. Ndiye ndilisiye lidyedwe ndi chiswe, ine ndili kowerenga ndege?

Unditumizire mankhwala otentha aja opaka m'mawondo. Unati ubwera Khirisimasi yatha. Sindikukalipa, ndikungokumbutsa.

Ine bambo wako,
Useni

Johannesburg, 21 Sepitembala 2024

Iwe Wilson,

Moni, umupatsenso moni Caroline ndi dzino lake. Makalata onse awiri afika limodzi, onse akununkha usipa wa a Salumu.

Koma iwe mutu wakowo ndi wa paini eti? Munthu wagwira puleni moyo wake wonse, iwe n'kumuuza kuti "muzikapuma"? Bwanji sunangowauza kuti afe?

Tamvera. Ababa ukawasiya okha ku Lirangwe, ine ndi iwe tathana, ndipo mahinjesi ndatumizawa ndi omaliza. Amayi anapita ine ndili kuno kuchapa makatani a eni ake. Sindikufuna tsiku lina kudzamva kuti ababa awapeza ndi anthu odutsa.

Usakangane nawo, sungawine. Nzeru ndi iyi. Tsiku losamuka, nyamula bokosi lawolo pamodzi ndi katundu, ukaliike m'shopu yatsopano. Munthu amene amalipaka vanishi chaka ndi chaka sangakhale masiku awiri osaliona. Adzalilondola okha pa kabaza, akukutukwana njira yonse, koma adzabwera. Ukaona zatheka, ukumbukire kuti nzeru inachokera ku Joni.

Za Khirisimasi uwauze kuti ndikuyesetsa. Madamu akuti aona.

Mchemwali wako,
Lenia

Johannesburg, 10 Okotobala 2024

Mayi Eunice,

Ndalemba pamanja n'kujambula pa foni kuti ikupezeni pomwe mulipo. Inu ndinu mkulu wa amayi a Mvano, komanso munali mnzawo wa amayi anga. Chithunzi mwaika pa gulu la WhatsApp chija ndachiona: lole itaima, masamba mumsewu, bokosi la ababa pamwamba, alamu anga atagwira tsaya. Wilson ndamuimbira mpaka chala chawawa, sakuyankha. Ya Caroline ndi yozima. Basi singandifikitse asanaikidwe. Chonde muwawerengere izi bokosi lisanatsike.

Ababa, ndine Lenia. Ndine ndinauza Wilson kuti anyamule bokosi lanu. Ndimati mukwiya pang'ono kenako tiseka tonse. Sindinaganize kuti mtima wanu sungapirire.

Chaka ndi chaka ndimati Khirisimasi, Khirisimasi. Si madamu okha ayi. Ndimaopa kufika pakhomo paja n'kupeza amayi kulibe, ndiye ndimati ndikhale kaye kuno kumene ndingathe kunamizira kuti ali kumunda. Lero ndi inunso. Kampando kaja munandipangira ndikuyamba sitandade wani, kokhala ndi dzina langa kunsi, ndimakalota mpaka pano.

Mukanati mudzuke, ababa, ndikanakwera basi, madamu anene zimene anganene.

Mwana wanu,
Lenia

Chileka, 13 Okotobala 2024

Alamu anga,

Muli bwanji tsopano? Mtima wakhala m'malo? Pa foni paja munkangolira n'kumaseka, ndiye sindikukhulupirira kuti munamva kalikonse. Achimwene anu akuti manyazi awagwira, sangalembe. Ndiye ndilembe ine amene ndinali pamwamba pa lole.

Lachinayi m'mawa, tsiku losamuka, tinadzuka apongozi kulibe. Foni ya Wilson nayo kulibe. Yanga inali itazima dzulo lake. Tinangoti madala akwiya, apita kudimba kuti asatione tikupakira. Posakhalitsa lole ya a Jamal inafika, ija yolembedwa kumbuyo kuti TIFIKA. Tinakweza matabwa, mabedi, benchi la apongozi, pomaliza bokosi lija monga munanenera inu anzeru a ku Joni. Amuna onyamula ankachita kubuula. Wilson anati, "Eee, mtedza wa chaka chino wakhwima!" Ine ndinalifunditsa chitenje changa kuti vanishi asapse ndi dzuwa.

Titangopitirira msika pang'ono, kulowera ku Matindi, TIFIKA anatsokomola kawiri n'kuima. A Jamal anachita zimene dalaivala aliyense amachita galimoto ikafa: kuthyola masamba n'kuyala mumsewu, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti ena asatigunde. Kenako iwo ndi Wilson anakwera kabaza kukasaka lamba wa injini ku Lunzu. Ine ndinatsala pamwambapo, pambali pa bokosi, nditagwira tsaya chifukwa cha dzino lija, misozi ikungoyenda yokha.

Alamu, inu ndinu a konkuno. Masamba mumsewu, bokosi, mzimayi wogwira tsaya. Mukanaganiza chiyani?

Wanjinga woyamba anatsika n'kuvula chipewa. Wachiwiri chimodzimodzi. Ine ndimati ndi ulemu chabe, ndinawayankha ndi mutu. Ndiye kamphepo kanakweza chitenje, wina n'kukuwa kuti, "Aaa! Si la a Useni ili?" Basi, zinathera pomwepo. Ndipo tsoka lake linali Lachinayi, amayi a Mvano ali panjira ya kutchalitchi atavala kale zoyera. Mayi Eunice anayamba ajambula kaye, kenako anayambitsa nyimbo.

Ndinaimirira n'kukuwa, "Amayi, mulibe munthu umu! Muli mtedza!"

Mayi Eunice anati, "Mugwireni mwanayo, chisoni chamuzunguza mutu."

Bambo wina anafunsa, "Ngati muli mtedza, a Useniwo ali kuti?"

Ndinati, "Sindikudziwa, sitinawaone chidzukireni."

Mayo ine, kulira kunachita kukwera! Ndinati nditsegule muone nokha, koma anandigwira manja onse awiri, ati pamsewu satsegula. Anandikhazika pakati, wina kundikupiza, wina kundimwetsa thobwa pa dzino lowawa lomwelo. Anthu anadzadza. Uyu akuti anandipangira bedi la ukwati, uyo akuti madesiki a kusukulu kwathu ndi awo. Mayi wina anabweretsa nkhuku ya chipepeso. Nthawi yonseyi m'bokosi mukumveka kenakake, mmm, mmm, kuleka, kuyambanso. Agogo ena anaika khutu n'kunena kuti ndi kutenthaku, tifulumire.

Ndiye kabaza wa Wilson ndi a Jamal anafika. Wilson asanatsike n'komwe azibambo anamugwira mapewa: "Limbani mtima achimwene, madala atisiya." Iye anaganiza kuti awapeza kudimba n'kuwaika m'bokosi iye ali ku Lunzu. Ine ndikukuwa dzina lake, amayi akundikuwira nyimbo m'khutu. Anataya lamba uja, anakwera lole ngati nyani, n'kukumbatira bokosi.

"Ababa! Ababa inu! Benchi lanu ndinalisiyira malo pawindo, pamene kuwala kumalowa bwino! Mashini aja amangopala, salumikiza makona! Ndimafuna mukandigwirire ntchito yeniyeni, ndimangochita manyazi kupempha!"

Alamu, mwamuna wanga ndakhala naye zaka zonsezi, sindinamuonepo akulira chonchija, mamina mpaka pa vanishi. Atatopa, mayi Eunice anati kwabwera uthenga wochokera ku Joni, ndipo poti mwana wamwamuna wafika, auwerenga pompano. Anavala magalasi n'kuwerenga kalata yanu yonse mokweza. Pa kampando paja, ngakhale ine amene ndimadziwa kuti muli mtedza, ndinaulirira mtedzawo.

Kenako a Christopher, mkulu wa mpingo uja amenenso amapanga mipando kuseri kwa msika, anayandikira n'kusisita bokosi. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Koma ndiye bokosi. Zoterezi dzanja la munthu silingathe. Awa ndi mashini atsopano a Wilson awa."

Pansi pa chitenje changa panatuluka mawu: "Bodza!"

Chivundikiro chinakwera. Apongozi anadzuka n'kukhala tsonga, atavala jekete la pa Sabata, khoko la mtedza lili m'tsitsi. "Mashini a ndani? Iwe Christopher, tayang'ana pakonapo. Ukuonapo msomali?"

A Christopher sanayang'ane. Anapepesa ali pa liwiro. Amayi a Mvano anamwazikana m'munda mwa eni, zoyera zili mbuu, nsapato imodzi ya mayi Eunice yapezeka dzulo mu nandolo. A Jamal analowa kunsi kwa lole yawo yomwe. Wakabaza anathawa wapansi, njinga n'kuisiya ikulira. Wilson anangokhala pa matabwa kukamwa kuli yasa, ndipo mawu oyamba amene anatulutsa anali akuti, "Nanga mtedza?"

Mtedza anauthira m'matumba n'kubisa kunsi kwa bedi. Iwo analowa m'bokosi m'bandakucha, ati kuti tikatsegula tiwapeze, tichite manyazi, tisiye zosamuka. Foni ya Wilson anaitenga kuti asaimbire a Jamal, osadziwa kuti anapangana kale. Ndiyo inkanjenjemera ija, munali inu. Koma ife sitinatsegule, ndipo iwo tulo tinawaba. Anadzidzimuka ali kale pamsewu, akupumira pa kawindo, ndipo akuti munthu wamkulu sangagogode m'bokosi lake lomwe kupempha kuti amutsitse.

Lole itakonzeka tinati tiwabwezere kunyumba. Anakana. Ati popeza akwera kale, tiyeni. Anakananso kukhala kutsogolo. Anakhala tsonga m'bokosimo njira yonse, nkhuku ya chipepeso ili pamiyendo, ati ndi yawo, sabweza. Masamba aja a Jamal anawakweza n'kuwasomeka kutsogolo kwa lole, ati adzafunikanso, sangamathyole atsopano paliponse. Ndiye tangoganizani tikudutsa pa Lunzu: anthu kuvula zipewa, maliro n'kuwavulira chawo.

Dzino langa linapola lokha tsiku lomwelo. Mankhwala a m'mawondo afika, akuti zikomo.

Mlamu wanu,
Caroline

Chileka, 27 Okotobala 2024

Kwa mwana wanga Lenia,

Moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili moyo, ndipo tsopano ndili ndi mboni.

Ona pamwamba pa kalatayi, ndalemba Chileka. Wina asanene kuti Useni anagonja. Ndinanena kuti pa Lirangwe ndidzachoka nditagona chagada, ndipo ndinachoka nditagona chagada.

Akulu a mpingo anandiitana kuti ndikafotokoze. Ndinapepesa, makamaka kwa amayi a Mvano, ndipo ndikuwapangira mabenchi awiri aulere. Christopher sanabwere, akuti akumva mutu. Nkhuku tinadya.

Shopuyi ndi yaikuludi. Benchi langa lili pawindo, ndipo kuwala kwake n'kwabwino, pamenepo mlongo wako sananame. Mashini aja amasokosa, koma thabwa limene ndinkalimbana nalo m'mawa wonse amalimaliza ndisanamwe tiyi. Usamuuze kuti ndatero. Makona ndi madilowa akupanga ndine, iye amangoima pambali kuonerera ngati akuona zachilendo. Bokosi taliika pamitanda kudenga. Anthu akubwera kuchokera ku Lunzu mpaka ku Mdeka kufuna lotero, ati bokosi la a Useni munthu amadzukamo. Ndikuwauza kuti zimenezo sindilonjeza, koma akuodabe. Wilson akuti chikwangwani chimene analembetsa chinali kungotaya penti.

Tsopano za iwe. Foni ija inkandinjenjemera m'thumba njira yonse, ine n'kumaitsina kuti ikhale chete. Sindinadziwe kuti ndiwe, mwana wanga. Pamenepo ndinalakwa, undikhululukire.

Kalata yako ndinaimva yonse. Anthu akuti ndinapirira misozi ya ana anga n'kudzukira Christopher. Asiye azitero. Zoona zake n'zakuti ndimafuna kudzuka kale, koma munthu ukalira utagona chagada misozi imalowa m'makutu, ndipo sindikanaonekera pagulu ndili choncho. Christopher anangondithandiza.

Amayi ako sali kumunda. Nanenso ndinayesa kudzinamiza choncho, sizithandiza. Ukabwera tidzapita tonse ku Lirangwe, ndikakuonetse pamene agona, ndidzakugwira dzanja. Kampando kako sikanatayike, kanabwera pa lole yomwe ija, kali pansi pa benchi langa. Mwendo umodzi unkagwedera, ndakonza.

Unalemba kuti ndikanadzuka ukanakwera basi. Mayi Eunice anawerenga mokweza, theka la Lirangwe likumva, ndipo akuti pepala lija akulisunga m'foni. Ndadzuka. Sindikukalipa, ndikungokumbutsa.

Ndege zija ndazizolowera. Ikamatsika imadutsa pawindo langa lomweli, ndipo ndimaika puleni pansi mpaka itatera. Wilson amati, "Ababa, achemwali adzabwera pa basi." Ndimamuuza kuti ndikudziwa. Komabe ndimayang'ana.

Ine bambo wako,
Useni